M'mawa Umene Madzi Anaundana

Achimwene anga anachoka pamudzi ine ndili kamtsikana. Ankaphunzira kusukulu yaukachenjede kumwera, ndipo tsiku lina tinangomva kuti athawa, akufunidwa chifukwa cha mawu amene analankhula pagulu. Masiku amenewo munthu sunkafunsa zambiri. Bambo anamwalira osawaonanso. Abale ankawauza amayi kuti tingochita sadaka basi, mwana ameneyu anafera kutchire, koma amayi ankakana. Ankati mtima wawo sunawauze zimenezo.

Kenako zinthu zinatembenuka. Tinavota pakati pa nyali ndi tambala, wailesi inalengeza kuti onse amene anathawa abwerere kwawo, palibe wowagwira. Chaka chotsatira, mpunga utangoyamba kucha m'madambo a ku Chia, galimoto ya matola inaima pamsewu n'kutsitsa bambo wina wadazi, wamagalasi, ndi sutikesi yaikulu ngati chitseko. Apo n'kuti ine ndili mayi wa ana, ndikuchita geni ya usipa pa Benga.

Amayi anali pakhonde akusenda chinangwa. Bamboyo anaima pabwalo n'kunena kuti, “Odi.” Amayi anakweza maso. Anamuyang'ana kumapazi, n'kumuyang'ana kumaso, mpeni n'kugwa pansi. Zimene zinachitika pambuyo pake sindingazilongosole bwino, chifukwa ndinkalira ndikusekanso. Ndimangokumbukira kuti nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa msewu, ndipo nkhuku za pamudzi zinaona zakuda sabata imeneyo.

Achimwene anali atakhala zaka zambiri ku Kanada. Anadutsa m'mayiko angapo asanakafike kumeneko, akugwira ntchito iliyonse imene aipeza, mpaka anadzamaliza maphunziro awo.

Alendo atachepa, achimwene anatsegula sutikesi ija. Amayi analandira nsalu, amuna anga wotchi, ana majuzi okhuthala oti kunyanja kuno ungavale kamodzi pachaka. Pansi penipeni panali zinthu ziwiri zimene palibe anazizindikira. Chilichonse chinali chachitali ngati mkono wa munthu wamkulu kuchokera paphewa, mtengo wopindidwa mozungulira, m'kati molukidwa ndi timizere tachikopa, kumbuyo kosongoka ngati mchira wa nsomba.

Amayi anatenga chimodzi n'kuchitembenuza. “Malichero a azungu ndi otere? Nanga mpunga sungagwere m'mabowomu?”

Amuna anga ndi msodzi, ndiponso ndi munthu woti nkhani siidutsa pamaso pawo osaitsutsa. Anati, “Ayi amayi, uwu ndi mono. Koma alamu, mono wophwatalala chonchi ungagwire chiyani?”

“Ndi nsapato, alamu,” anatero achimwene.

Tinaseka mpaka misozi. Mwana wanga wamkazi anachita kugwa pamphasa. Achimwene anadikira kuti timalize, ndipo anayamba kufotokoza. Chichewa chawo chinali chitauma pang'ono, ankayamba aima kufunafuna mawu, koma tinkamva.

“Kumene ndinali kuja, nyengo yozizira mvula siigwa ngati madzi. Imagwa ngati ufa. Amati sinowo. Amagwa mwakachetechete, padenga osamveka. Ukadzuka umapeza dziko lonse layera, njira kulibe, munda kulibe. Kumapiri amaunjikana mpaka m'chiuno. Ukapondapo ndi nsapato wamba umatitimira ngati ng'ombe m'thope. Ndiye umamanga izi kuphazi, phazi limakula, umayenda pamwamba.”

“Kukatani kumapiriko?” anafunsa amayi.

“Kukangoyenda, amayi.”

“Kulibe nkhuni, kulibe bowa, kungoyenda?”

“Kungoyenda basi.”

Amayi anapukusa mutu. Achimwene anapitiriza, ndipo ndinaona kuti nkhope yawo yasintha, ngati munthu amene akukamba za mnzake wapamtima. Anati sinowo si wamtundu umodzi. Wogwa kumene amakhala ngati ufa wa kondowole wosefa bwino, ndipo ameneyo ndiye amafuna nsapatozi. Dzuwa likamuwomba masana amalemera, amamata ngati phala, miyendo imatopa msanga. Akazizidwanso amauma pamwamba ngati nkhoko za mumphika, pansi ali wofewa. Umaponda kamodzi amakunyamula, umapondanso n'kuboola. Woopsa ndi amene wagwa pamwamba pa wina wakale pamalo otsetsereka, chifukwa amatha kugumuka yense n'kukwirira anthu. N'chifukwa chake munthu usanakwere phiri umayamba wafunsa kuti kwagwa wotani, ndiponso mphepo ikuchokera kuti.

“Apo pokha ndamva,” anatero amuna anga. “Ifenso sitilowa panyanja tisanaone mphepo. Koma zoti madzi n'kusanduka ufa, alamu, zimenezo mukauze ana. Ayezi ndikumudziwa, amabwera naye ogula chambo. Amapangidwa mufiriji, ndi magetsi. Kumwambako kuli firiji ya ndani?”

Kuyambira tsiku limenelo nkhani imeneyi inakhala ndiwo ya pachilamu pawo. Akakumana, amuna anga ankayang'ana kumwamba n'kufunsa kuti, “Lero ufa ugwa, alamu? Kunyumba watha.” Achimwene ankangoseka.

Koma chisangalalo cha masiku oyamba chitazirala, ndinaona kuti achimwene sakupeza pokhazikika. Kutentha kunkawazunza ngakhale ife tinkati kwazizira. Malungo anawagwira kawiri motsatizana. Anzawo amene anakula nawo, ena anali atamwalira, ena anali ndi zidzukulu ndipo nkhani zawo sizinkakumana. Anthu a ndale ankabwera kudzawakopa, aliyense ndi nsalu ya chipani chake, koma iwo ankawalandira bwino n'kuwaperekeza bwino, osalonjeza kanthu. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa mango akudzikupiza ndi chipewa. Nthawi zina ankatulutsa nsapato zawo zija n'kumazipaka mafuta.

Tsiku lina tikupeta mpunga amayi anandinong'oneza kuti, “Mwana uyu thupi lokha ndi limene labwera. Ndikuona ngati abwerera.”

Nanenso ndinkaganiza zomwezo.

Mwezi wa Julaye unafika ndi mwera wake. Mphepo imeneyi ikayamba nyanja imakwiya, mabwato amakhala pamtunda, asodzi amangosoka maukonde ndi kusewera bawo. Imeneyo ndiyo inali nyengo yanga yokwera ku Ntchisi. Chaka chilichonse ndinkasunga usipa wouma n'kukasinthitsa ndi nyemba ndi chimanga kumidzi ya m'munsi mwa phiri. Kumeneko ndinali ndi mnzanga, mayi wamasiye amene ankandisunga ndikafika.

Achimwene anandipeza ndikulongedza m'dengu. “Chemwali, kumene mukupitako ndi kuphiri limene limaoneka kumadzulo lija?”

“Komweko, achimwene.”

“Munditenge.”

Ndinawauza kuti ndi kutali, galimoto imakathera pa Mwansambo, kwatsalako ndi mwendo, ndiponso ndi chitunda chokhachokha. Anati n'chimene akufuna. Amuna anga atamva anati nawonso apita, poti kunyanja kulibe ntchito, komanso sangalole kuti mlamu wawo wodwaladwalayo akakomokere m'manja mwa mzimayi.

Pokonzekera ulendo achimwene anasanduka mphunzitsi. Anati tisadalire chovala chimodzi chokhuthala, koma tivale zingapo zopyapyala, kuti tikatenthedwa tizichotsa chimodzichimodzi. Anati tisaiwale masokosi ndi chakumutu. Ine ndinamvera, ngakhale ulendowu ndinali nditauyenda kambirimbiri ndi zitenje ziwiri basi. Amuna anga anakana. “Ine mwera umandimenya pakati pa nyanja ndili chifuwa pamtunda. Kamphepo ka kumtunda kandichita chiyani?” Anavala malaya amodzi, kajekete kong'ambika m'khwapa ndi patapata. Achimwene sanatsutse, anangoika juzi ina m'chikwama chawo chakumsana. Nsapato zawo zazikulu zija anazisiya, anati kumeneko zilibe ntchito.

Tinakwera matola pa Benga m'mamawa, titapanikizana ndi matumba a mchere ndi njinga za eni ake. Pa Mwansambo tinatsika n'kuyamba wapansi, ine dengu pamutu, amuna anga thumba paphewa. Titafika poyambira chitunda achimwene anadula ndodo zitatu n'kutigawira. Anati tiziponda pafupipafupi, osathamanga. “Musalole thukuta lambiri. Thukuta likazizira m'malaya ndi limene limamaliza munthu.”

Amuna anga anaponya ndodo yawo patchire n'kuuyatsa ulendo mothamanga. Posakhalitsa sitinkawaonanso, tinkangomva patapata akulira kutsogolo. Ife tinkabwera pang'onopang'ono. Titakhota pamwala wina waukulu tinawapeza atakhala, thumba lili apo, akupuma wefuwefu, malaya atanyowa ngati agwera m'madzi.

“Mwatopa, alamu?”

“Ayi, ndimaona dziko. Kuno n'kokongola.”

Atadzuka anayamba kuyang'anayang'ana m'mbali mwa njira. Achimwene anawapatsa ndodo yawo, ndipo amuna anga anailandira.

Chimene chinandidabwitsa ndi achimwene. Munthu amene kumudzi ankalephera kufika pamsika osapumira, kuno ankayenda ngati mnyamata. Tikamakwera mphepo inkanka nizizira, ndipo iwo ankanka nachangamuka. Anayamba kuimba mluzu. Anayamba kutchula mayina a mitengo, msuku, muwanga, mombo, ena ndinkachita kuwakumbutsa, ena ankandikumbutsa ndi iwo. Chichewa chawo chinamasuka. Anakumbukira mmene bambo ankatikalipira tikaba mango osapsa, n'kuwayeseza mawu ake ndendende, mpaka ndinatula dengu kuti ndiseke bwino.

Tinafika kwa mnzanga dzuwa litapendeka. Nyumba yake inali pamwamba pa dambo, kumbuyo kwake nkhalango yakuda ya phiri. Iye ndi mayi wamtali, wamawu akulu, wolima mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi. Anatilandira, n'kupereka moni kwa abambo awiriwo atagwada. Pamene ankadzuka maso ake anagwera pamapazi a amuna anga.

“Alendo a kunyanja, mwabwera ndi patapata mwezi uno?”

“Ndinazolowera, mayi,” anayankha, koma n'kuti manja atawabisa kale m'khwapa.

Mnzanga anayang'ana kumwamba. Kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi, ndipo mphepo inali itadula. Anati, “Kukayera chonchi n'kukhala bata, mawa chisanu chigwa. Mundikhululukire, ndikafunditse kaye matimati anga kudimba.” Achimwene anati kumene anali kuja n'chimodzimodzi, usiku wopanda mitambo ndi umene umaluma. Ananyamuka n'kukamuthandiza kunyamula udzu. Ine ndinatsala ndikuyala usipa kuti amayi a m'mudzimo, amene anali atayamba kale kufika ndi mbale za nyemba, aone. Kuchokera kudimbako ndinkamva awiriwo akukambirana za kuzizira ngati anthu akukamba za m'bale wawo wovuta koma wokondedwa.

Madzulo amenewo amuna anga anavala juzi ija popanda wowauza. Anakhala pafupi ndi moto kwambiri moti ubweya wa m'miyendo unayamba kununkha. Asanakagone anatunga madzi m'beseni n'kuwasiya panja pakhomo, kuti mbandakucha atawaze, ndiko kusamba m'manja, kumaso ndi mapazi asanaswali, kupemphera kwathu kwa Chisilamu.

Kunja kutangoyamba kuyera ndinadzidzimuka ndi mfuu.

“Mayi a ana! Alamu! Tabwerani kuno msanga!”

Ndinaganiza kuti ndi njoka kapena fisi. Ndinatuluka nditadzikulunga bulangete, achimwene n'kutulukanso m'nyumba ina. Mphepo inandimenya kumaso ngati mbama. Amuna anga anali ataima pakhomo, m'manja atanyamula chinthu chozungulira, chopyapyala, choonekera kuseri.

“Wina waika galasi m'beseni mwanga! Ndimati ndipise dzanja, ndagunda chouma!”

Achimwene anaseka mpaka kugwira khoma. “Alamu, amenewo ndi madzi anu omwe aja.”

“Madzi?”

Anachiyang'ana, n'kuchiyandikizitsa kumaso, n'kutiyang'anira m'kati mwake. Madontho anayamba kutsika m'zala zawo. Kenako chinaterereka n'kugwa pansi, n'kusweka ndi kaphokoso ngati ka mbale. Anawerama kuti atole zidutswa, koma zinkawathawa m'manja.

Ndiye ndinakweza maso, ndipo ndinaona dambo. Zaka zonse ndinkabwera kuno ndinali ndisanachionepo chisanu, mwina chifukwa ndinkadzuka dzuwa litatuluka, mwina sindinkakumana nacho. Dambo lonse linali loyera mbee, kuyambira kumunsi kwa nyumba mpaka kumtsinje. Udzu uliwonse unali utavala zoyera. Masamba a kabichi anali ngati wina wawawaza mchere. Ngakhale ulusi wa kangaude pampanda unali utakhuthala n'kuyera. Kunali zii, mbalame sizinkalira. Tikamapuma utsi unkatuluka m'kamwa.

Tinatsikira komweko tonse atatu ngati ana. Udzu unkalira khirichi khirichi tikauponda, ndipo kumbuyo kwathu mapazi ankatsala akuda. Ndinathyola tsamba n'kulinyambita. Sizinkakoma chilichonse, zinangondiluma lilime n'kusowa. Achimwene anagwada n'kuyala manja onse awiri paudzu, n'kukhala choncho kanthawi, maso atatseka.

Amuna anga anafunsa motsitsa mawu, “Alamu, ndiye sinowo uja ameneyu?”

“Ayi. Uyu ndi mng'ono wake chabe. Uyu sagwa kuchokera kumwamba, ndi mame amene auma.”

“Ngati mng'ono ali chonchi, mkulu wakeyo akhale konko.”

Atangotero anayamba kudumphadumpha. Anati zala za kumapazi sakuzimva. Tinayang'ana, zinali zitatuwa. Anayesa kuthamanga kubwerera kunyumba, patapata mmodzi n'kuterereka kupita uko, iwo n'kukhala pansi paudzu woyerawo ndi mfuu ina yoposa yoyamba ija. Mnzanga anali ataima pakhonde akutionerera, manja m'chiuno. Kwa iye chisanu chinali mdani wa mbewu basi, ndipo sankamvetsa kuti akuluakulu atatu akusangalala ndi chiyani. Komabe anaseka mpaka kutsokomola.

Anawakhazika amuna anga pafupi ndi moto. Iwo ankafuna kulowetsa mapazi m'moto momwemo, koma achimwene anawaletsa, anati phazi lochita dzanzi limapsa mwini wake osamva. Mnzanga anafunditsa madzi pang'ono, amuna anga anaviikamo mapazi, ndipo magazi atayamba kubwerera anabuula ngati akuchotsedwa dzino. Madzi ofunda omwewo anawonjezera ena n'kutawaza, n'kuswali nthawi isanathe. Atamaliza, mnzanga anadula chiguduli pakati, n'kuwakulunga phazi lililonse mpaka m'katumba, n'kumanga ndi luzi. Amuna anga anaimirira n'kudziyang'ana. Mapazi anali ngati a njovu.

“Mukakanena kugombe, ukwati watha,” anandiuza.

Koma maganizo a kugombe omwewo anawapatsa nzeru ina. Anapempha chitini chokhala ndi chivindikiro, n'kutsikiranso kudambo ndi mapazi awo a njovuwo, n'kuyamba kukokolola chisanu pamasamba. Anati akawaonetse anzawo, apo ayi sakakhulupirira. Achimwene anawauza kuti sichikafika. Iwo anati achifunditsa bwino, n'kuchikulunga m'kajekete kawo kaja. Dzuwa litatuluka dambo linayamba kufuka nthunzi, kuyera kuja n'kumathawira kumithunzi mpaka kutheratu. Tisanamalize n'komwe kumwa tiyi ndi mbatata, anatsegula chitini kuti aone. Munali timadzi ndi kaudzu kamodzi.

Tsiku limenelo achimwene anapempha kuti tikwere mpaka pamwamba pa phiri. Mnzanga anati atiperekeza, poti njira za m'nkhalangomo zimasocheretsa. Ndinasiya usipa m'manja mwa apongozi ake, amene ankakhala nawo pakhomopo, ndipo tinanyamuka.

Nkhalango imeneyo ndi dziko lina. Mitengo yake ndi yoti anthu angapo kugwirana manja osaizungulira, ndipo kumwamba nthambi zinakumana moti dzuwa limangolowa timadontho. Pansi panali ponyowa, miyala itavala ndere. Achimwene ankatiuza kuti tisaponde pamizu kapena pamwala wobiriwira, tiziponda padothi, ndodo itsogole. Amuna anga tsopano ankamvera chilichonse. Ziguduli zija zinkagwira pansi bwino kuposa nsapato zanga, ndipo anayamba kuzitama. Apusi ankatitsatira m'mwamba akugwetsa timitengo, ndipo iwo ankawabwezera mawu ngati akukangana ndi anzawo pabawo.

Pafupi ndi pamwamba tinatulukira pathanthwe pamene mitengo inalekeza. Mphepo inali yakuthwa, koma dzuwa linkawala. Kutsogolo kwathu dziko linatsika, mapiri ang'onoang'ono, midzi, utsi, ndiyeno kutali kwambiri nyanja, itagona ngati lata latsopano. Ndinali ndisanaionepo yonse chonchi. Amuna anga anayamba kuloza kuti apo ndi pa Chia, apo ndi pa Benga, ngakhale sindikhulupirira kuti ankaonadi.

Achimwene anakhala pansi pambali panga. Anayang'ana kunyanja kuja. Kenako anati, “Chemwali, chaka choyamba kuja ndinkafuna kufa. Kunja kuli mdima, kukuzizira, wolankhula naye palibe. Ndikaweruka ndinkangodzitsekera m'chipinda. Ndiye panali mkulu wina amene ndinkagwira naye ntchito yochapa zovala. Anaona kuti ndikutha. Tsiku lina anangobwera pakhomo n'kunena kuti vala, tiye. Anandimanga nsapato zija n'kupita nane kuphiri. Ndinagwa osawerengeka, iye akungoseka. Titafika pamwamba ndinazindikira kuti tsiku lonse sindinalire. Kuyambira pamenepo nyengo yozizira ndinkachita kuiyembekezera.”

Anatola kamwala n'kukaponya kumunsi.

“Zaka zonsezo ndinkati ndikadzafika kwathu mtima udzakhala pansi. Ndafika, amayi ndawapeza, koma ndikupezeka ndikusowanso kuja. Ndikuchita nazo manyazi.”

Ndinangowagwira dzanja, limene linali lozizira ngati mwala umene tinakhalirawo.

Mnzanga anali chapafupi akumanga kamtolo ka nkhuni, ndipo anamva. Iye si munthu wozungulira. Anati, “Bambo, ngati kuzizira mumakukonda, ife kuno tatopa nako. Akuti sukulu ikhala yaulere, ana onse amene ali m'midzimu akalembetsa. Aphunzitsi alipo ochepa, ndipo amene amawatumiza kuno sachedwa kupempha kuti awasinthe. Inu mukungokhala pansi pa mango kunyanjako?”

Achimwene anamuyang'ana n'kuseka. “Wakuuzani ndani za mango?”

“Achemwali anuwa sasunga nkhani.”

Potsika sanalankhulenso za zimenezo, koma titafika m'mudzi anapempha kuti awaonetse sukuluyo. Anapita ndi mnzanga, ine ndinatsala ndikumaliza malonda. Usipa unatha wonse, ndipo nyemba zinachuluka moti tinachita kubwereka bulu wa munthu wina kuti atitsitsire katundu mpaka pa Mwansambo.

Titafika kwathu amuna anga sanadikire n'komwe kuti asambe. Anapita kugombe kukafotokoza. Anzawo anawaseka, anati mphepo ya kumtunda yawalowa m'mutu. Iwo sanagonje. Tsiku loyamba madzi oundanawo anali ngati mbale. Pofika Lachisanu, potuluka mumzikiti, anali atakula ngati chitseko, ndipo anachita kuwaswa ndi nkhwangwa. Anakatenga achimwene kuti akhale mboni. Achimwene anati zoona madzi anaundana, koma anali opyapyala ngati chikhadabo. Amuna anga anati mlamu wawoyo anadzuka mochedwa, anapeza atasungunuka kale. Za ziguduli sanatchule, ndipo ine ndinasunga pakamwa mpaka ana anakula.

Sukulu zitatsegulira achimwene anakwera ku Ntchisi kukayamba ntchito ya uphunzitsi. Anapeza ana ochuluka moti ena ankaphunzirira pansi pa mitengo, akunjenjemera m'mawa. Anayambitsa zoti asanalowe m'kalasi azithamanga kaye kuzungulira bwalo, iwo ali patsogolo ndi dazi lawo. Loweruka ankatenga ana okulirapo n'kukwera nawo phiri. Makolo poyamba ankadabwa, kenako anazolowera. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ankatsika kudzaona amayi, atanyamula kachewere ndi kabichi, atanenepa, malungo atawaleka. Amayi ankawadandaulira kuti akhala kutali, koma akachoka ankandiuza kuti kutali kofika ndi mwendo si kutali.

Patapita nthawi ndinayamba kuona kuti kachewere amene akubwera nayeyo ndi wosankhidwa bwino kwambiri, ndipo nyemba zake n'zopetapeta, zopanda kamwala ngakhale kamodzi. Mwamuna sapeta nyemba choncho. Ndinawafunsa. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti wopetayo ndi mnzanga uja.

Panali zokambirana ndithu, poti mnzanga ndi wa kutchalitchi ndipo ife ndi a kumzikiti. Akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi kangapo, mawu anakwera n'kutsika, mpaka anamvana. Ukwati unachitikira kumtunda komweko, mwezi wotentha, dala kuti amayi athe kupita. Tinawakweza pang'onopang'ono, pena pangolo, pena wapansi. Anthu a kumeneko ankadandaula kutentha, akudzikupiza ndi mipango, koma amayi anakhala tsiku lonse atafunda bulangete mpaka m'makutu. Nthawi yovina itakwana anadzuka nalo bulangetelo n'kulowa m'bwalo, n'kuvina mpaka fumbi linawafika m'mawondo.